Kodi Kompyuta Imadzijambula Bwanji Popanda Kamera?

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, pa boma la Mzimba pamakhala piringupiringu. M'timashopu totayipa makalata ndi kufotokopa mumapezeka makolo ndi ana, ena ochokera ku Kazomba, ena ku Manyamula, ena atalawirira kuchokera ku Edingeni. Onse afuna kudziwa chinthu chimodzi: kodi dzina la mwana lili pa mndandanda wa amene akhoza mayeso a MANEB, nanga wasankhidwira ku sekondale iti? Dzina likangooneka pa kompyuta, nthungululu! Kenako wina amasolola foni m'thumba, kuilozetsa pa sikirini n'kujambula, kuti akaonetse agogo kumudzi kapena atumizire bambo amene ali ku Joni.

Koma taonani chithunzi chimene chimatuluka. Pali mizere yokhotakhota, pakona pali kuwala kochokera panja, pakati pali mthunzi wa wojambulayo, ndipo dzina lenilenilo agogo amalephera kuliwerenga. Zimenezi zimandimvetsa chisoni, chifukwa kompyuta yomweyo ikanatha kudzijambula yokha, chilembo chilichonse n'kuoneka bwinobwino. Chithunzi chotero anthu amachitcha sikirinishoti. Ambiri a inu mwaonapo akuluakulu akuchita zimenezi pa foni, podina pamodzi batani lozimitsira ndi lochepetsera mawu. Pa kompyuta ya patebulo, ija yokhala ndi monita, kiyibodi, mausi ndi bokosi lake pambali, zimathekanso. Koma makompyuta ambiri a mtundu umenewu alibe kamera, ndipo kamera ikakhalapo imayang'ana inuyo, osati sikirini. Ndiye kompyuta imadzijambula ndi chiyani?

Tiyambe tayandikira pafupi ndi sikirini. Mukabwereka galasi lokulitsira zinthu kwa aphunzitsi a sayansi n'kuyang'anira pamalo oyera a sikirini, mudzaona kuti chimene mumachiyesa chithunzi chosalala ndi timadontho tambirimbiri tondandalikidwa m'mizere. Kadontho kalikonse amakatcha pikiselo. Pa monita yaing'ono yofala kwambiri, mzere umodzi umakhala ndi timadontho 1,366, ndipo mizereyo imakhalapo 768. Chulukitsani m'kope mwanu, mupeza 1,049,088. Pa kalembera wa mu 2018, anthu a m'boma lonse la Mzimba, kupatula mzinda wa Mzuzu, sanakwane 1 miliyoni, chikhalirecho ili ndi boma lalikulu malo kuposa onse m'Malawi muno. Ndiye kuti timadontho ta pa kamonita kamodzi tikuposa anthu onse amene anawerengedwa kuyambira ku Jenda mpaka ku Ekwendeni. Monita yokulirapo, ya timadontho 1,920 pa mzere ndi mizere 1,080, imakhala nato 2,073,600.

Kadontho kalikonse kalinso ndi tizigawo titatu towala: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Titatu tokha basi. Kompyuta imauza kachigawo kalikonse mmene kawalire, ndipo imatero ndi nambala, kuyambira 0, kumene kuli kuzimiratu, mpaka 255, kumene kuli kuwala kotheratu. Tonse titatu tikakhala pa 0, kadonthoko kamada bii. Tonse tikakhala pa 255, kamayera mbee. Kofiira kokha kakakhala pa 255, tinato pa 0, mumaona kufiira psuu. Nanga chikasu chimachokera kuti? M'menemo mulibe kachigawo kachikasu. Kofiira ndi kobiriwira tikawalira pamodzi, maso anu ndiwo amaona chikasu. Amene munasakanizapo penti wofiira ndi wobiriwira muditsutsa, pakuti penti amatuluka wabulawuni. Mukunena zoona, koma kusakaniza kuwala n'kosiyana ndi kusakaniza penti. Ndi nambala zitatu zokhazi, kompyuta imatha kupanga mitundu 16,777,216.

Amene munapitako ku Umthetho, mwambo wa Angoni umene umachitika m'mwezi wa Ogasiti pa phiri la Hora pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, munaona mikanda imene amayi amavala m'khosi ndi kumutu. Mukaima patali mumaona zokongoletsa za mizeremizere. Mukayandikira mumapeza kuti ndi mkanda umodziumodzi, uliwonse uli ndi mtundu wake ndi malo ake. Tiyerekeze kuti mwakhala pansi ndi kope n'kuyamba kulemba: mzere woyamba, yofiira isanu, yoyera iwiri, yakuda itatu, mzere wachiwiri, yakutiyakuti, mpaka kumaliza. Kopelo mukalitumiza kwa mayi wodziwa kutunga mikanda ku Champhira, adzatunga chofanana ndendende, ngakhale kuti choyambacho sanachione ndi maso.

Sikirinishoti imayenda chimodzimodzi. M'kati mwa kompyuta muli malo amene imalembamo nambala za kadontho kalikonse, kuyambira pakona ya kumanzere pamwamba mpaka pakona ya kumanja pansi. Monita imalandira nambalazo n'kuwalitsa timadontho take, ndipo pa mamonita ambiri izi zimabwerezedwa ka 60 pa sekondi iliyonse. N'chifukwa chake mukasuntha mausi, kamuvi ka pa sikirini kamayenda myaa. Mukalamula kompyuta kuti ijambule sikirini, siyang'ana pagalasi ayi. Imangokopera nambala zimene ili nazo kale pa kamphindi kameneko n'kuziika pena. Choncho galasi la monita likhale lafumbi, likhale long'aluka, chithunzicho chimatuluka chopanda fumbi, chopanda mng'alu. Chimene chimandisangalatsa koposa ndi ichi: ngakhale mutazimitsa monita yokha, bokosi likadali loyaka, n'kudina batani lojambulira, nthawi zambiri chithunzi chimajambulidwabe.

Kamera ya foni ilibe mwayi umenewo. Iyo imaonera kunja, ndipo nayonso ili ndi timadontho take tolandirira kuwala, tondandalikidwa m'mizere. Mizere ya kamera ikapanda kugwirizana ndi mizere ya sikirini, pamabadwa zokhotakhota zija. Pa mamonita akale okhala ndi chimsana kumbuyo pamachitikanso china. Amenewa amalemba chithunzi mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndiye kamera imachipeza chisanathe kulembedwa, n'kuonetsa chimzere chakuda chopingasa.

Tsopano tiyeni ku kiyibodi. Yang'anani mzere wa pamwamba penipeni, umene uli ndi F1, F2 mpaka F12. Kumanja kwa F12 kuli batani lolembedwa Print Screen, kapena mwachidule PrtSc kapena PrtScn. Batani limeneli ndi lakale kuposa makolo a ena a inu. Pamene kampani ya IBM ya ku America inatulutsa kompyuta yake ya patebulo mu 1981, linalipo kale pa kiyibodi yake. Nthawi imeneyo sikirini inkaonetsa makamaka zilembo, mizere 25 ya zilembo 80 uliwonse. Munthu akalidina pamodzi ndi Shift, zilembo zonse za pa sikirini zinkapita ku pulinta n'kutuluka pa pepala. Tangoganizani, m'Malawi muno nthawi imeneyo munalibe ngakhale wailesi ya kanema yathuyathu, pakuti TVM inayamba kuonetsa mu 1999. Pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya Windows itafala m'zaka za m'ma 1990, ntchito ya batanili inasintha, koma dzina linatsala lomwelo.

Talidinani kamodzi. Pa makompyuta ambiri a Windows 7 ndi Windows 10 simuona kanthu, simumvanso kanthu. Apa m'pamene ana ambiri amatayira mtima n'kumati batani linafa. Silinafe ayi. Chithunzi chajambulidwa ndithu, koma chili pamalo ongosungira modikirira otchedwa kilipibodi, pomwenso kompyuta imaika mawu mukawakopa. Nzeru ya kukopa ndi kumata imeneyi anaikonza Larry Tesler ndi mnzake Tim Mott ku Xerox PARC, ku California, m'zaka za m'ma 1970. Kuti chithunzi chanu chioneke, tsegulani pulogalamu ya Paint: dinani Start, tayipani Paint, kenako dinani Enter. Ikatseguka, gwirani batani la Ctrl osalisiya, n'kudina V. Ndi icho! Sikirini yonse mmene inalili, ndi wotchi ya pakona yomwe, itaima pa mphindi imene munadina. Ngati mukulemba ntchito ya kusukulu, mungathe kuchimata mu Word m'njira yomweyo.

Musachedwe kuseva. Gwirani Ctrl n'kudina S, lembani dzina loti mudzalikumbukire mawa, sankhani foda, n'kudina Save. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa kilipibodi nthawi zambiri imasunga chinthu chimodzi chokha, moti mukakopa china, choyambacho chimachoka. Komanso imakhala m'chigawo cha kompyuta chotchedwa RAM, chimene chimakumbukira zinthu pokhapokha magetsi akuyenda. Laputopu ili ndi batire, koma kompyuta ya patebulo ilibe. Magetsi akangothima, ngakhale kwa sekondi imodzi, zonse za mu RAM zimafufutika, ndipo nonse mukudziwa kuti magetsi satsanzika akamapita. Chimene mwaseva chimalembedwa pa hadi disiki, ndipo mudzachipeza ngakhale kompyuta itakhala yozima mwezi wathunthu.

Sikuti nthawi zonse mumafuna sikirini yonse. Pulogalamu iliyonse imatseguka m'bokosi lakelake lotchedwa windo. Mukagwira Alt n'kudina Print Screen, kompyuta imajambula windo lokhalo limene mukugwiramo ntchito. Ngati kompyuta ili ndi Windows 8, imene inatuluka mu 2012, kapena ina yatsopano kuposa pamenepo, pali njira yosalira Paint. Gwirani batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows, lija la pakati pa Ctrl ndi Alt, n'kudina Print Screen. Sikirini imada pang'ono kwa kamphindi, ndipo chithunzi chimadziseva chokha mu foda ya Screenshots, imene ili m'kati mwa Pictures.

Koma njira imene ndimakonda kuti mwana aphunzire ndi ya kudula. Pali kapulogalamu kotchedwa Snipping Tool, kamene kanafala ndi Windows Vista mu 2007, ndipo kamapezeka pa makompyuta ambiri a Windows 7. Mumakatsegula, kudina New, kenako kugwira batani la kumanzere la mausi n'kukoka mozungulira malo okhawo amene mukufuna. Mukasiya, chadulidwa. Pa Windows 10 ndi Windows 11 mumafika pomwepo podina mabatani atatu pamodzi: la Windows, Shift ndi S. Kuyambira mu 2023, pa Windows 11 kungodina Print Screen kumatsegula kapulogalamu komweka, ndiye musadabwe kompyuta ya ku shopu ikachita mosiyana ndi ya kusukulu. Ndimaikonda njirayi chifukwa imakukakamizani kudzifunsa musanajambule: kodi kwenikweni ndikufuna kuonetsa chiyani?

Pa laputopu ina muyenera kugwiranso batani la Fn. Makompyuta a Apple alibe Print Screen. Kumeneko amadina Command, Shift ndi 3 pojambula sikirini yonse, kapena Command, Shift ndi 4 podula. Mukapeza kompyuta ya Ubuntu, Print Screen imagwira ntchito.

Poseva, Paint imakufunsani mtundu wa fayilo, ndipo mudzaona mayina monga PNG ndi JPEG. Taganizirani: timadontho 2,073,600, kalikonse ka nambala zitatu, ndiye nambala zoposa 6 miliyoni pa chithunzi chimodzi. Kuzilemba zonse imodziimodzi kungadzaze fulashi msanga. PNG, imene inayamba mu 1996, ili ndi nzeru yake. Ikapeza zinthu zobwerezabwereza, monga malo aakulu oyera a tsamba, siizilemba kambirimbiri. Imazilemba kamodzi n'kuonetsa kuti zibwerezedwe. Motero fayilo imachepa koma palibe kadontho kamene katayika. JPEG, ya mu 1992, imachepetsa potaya tina ndi tina timene diso silingationetsetse. Pa chithunzi cha munthu kapena cha nkhalango ya Chikangawa zimenezi sizivuta, koma pa zilembo zimasiya timadontho tautsi m'mphepete. Ndiye ngati mwajambula mawu, sankhani PNG. Dziwaninso kuti WhatsApp imachepetsa zithunzi pozitumiza. Kuti zilembo zing'onozing'ono zikafike zooneka, uzani wamkulu amene akukutumizirani kuti atumize ngati dokyumenti.

Nanga luso limeneli likuthandizani pati? Kompyuta ikavuta imatulutsa kabokosi ka mawu a Chingerezi ndi manambala ataliatali. Sukulu ili ku Luwerezi kapena kwa Khosolo, wokonza makompyuta ali pa boma kapena ku Mzuzu. Kumuuza pa foni kuti yalemba zinazake zofiira sikumuthandiza, ndipo pomuwerengera manambala mumatha kuphonya imodzi. Mukamutumizira sikirinishoti amaona zonse ngati ali pomwepo, mwina n'kukuuzani chochita osakwera minibasi. Mwana amene amadziwa kujambula kabokosi kameneka asanakatseke ndi wothandiza kwambiri m'chipinda cha makompyuta.

Palinso nkhani ya bandulo, pakuti intaneti ndi ndalama. Tinene kuti aphunzitsi akupatsani ntchito yojambula mtsinje wa South Rukuru, umene umayambira kum'mwera kwa boma lino n'kuyenda chakumpoto mpaka kukathira m'nyanja m'boma la Rumphi. Mukapeza mapu pa intaneti, ajambuleni, sevani, tsekani intaneti. Mapuwo mudzawayang'ana mosathamanga, bandulo isakutha. Mungojambula zimene zikuoneka pa sikirini zokha. Za m'munsi mwa tsamba muyenera kutsitsa n'kujambulanso. Mawu omveka salowamo, ndipo kamuvi ka mausi nthawi zambiri sikaoneka. Mafilimu ena amatuluka akuda chifukwa eni ake anawatchinga dala. Kumbukiraninso kuti zilembo za mu sikirinishoti zasanduka timadontho, moti simungazikonze ngati mmene mumakonzera mawu mu Word.

Ku Embangweni, pa mishoni imene Donald Fraser anakhazikitsa mu 1902, kuli sukulu ya ana a vuto losamva. Ndikaganiza za anzanu amenewa ndimaona phindu lina la lusoli. Kufotokoza pakamwa kuti dina apa, kenako apo, kumafika kwa amene akumva okha. Koma mukajambula sitepe iliyonse, n'kuzunguliza ndi mzere wofiira mu Paint pamalo oyenera kudina, n'kundandalika zithunzizo mwadongosolo, mwapanga phunziro loti aliyense angalitsatire, kaya amalankhula Chitumbuka, kaya Chichewa, kaya chinenero cha manja.

Tsopano mvetserani bwino, ana inu, pakuti apa m'pamene anthu akulirira. Tanena kuti sikirinishoti ndi nambala zokopedwa. Nambala zimasinthika. Munthu wodziwa Paint pang'ono chabe angathe kufufuta K5,000 n'kulembapo K50,000, chithunzi n'kuoneka ngati chenicheni. Tiyerekeze kuti amayi anu akugulitsa tomato pa Jenda. Wogula akuwaonetsa chithunzi n'kunena kuti watumiza kale ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Chithunzicho si ndalama. Amayi atsegule foni yawo, aone balansi ndi maso awo, tomato asananyamulidwe. Enanso amatumiza chithunzi n'kumati atumiza ndalama molakwitsa, ndiye abwezeredwe, pamene sanatumize kalikonse. Ngakhale chithunzi chibwere m'dzina la achimwene a ku Joni kuti atumiza pa Mukuru, ndi bwino kuwaimbira ndi kutsimikiza kwa ejenti musanakongole zinthu podalira ndalamazo. Inu amene mwadziwa mmene chithunzi chimapangidwira, muli ndi udindo wowachenjeza akuluakulu a kwanu. Ndipo inuyo musayerekeze kusintha malikisi kapena dzina pa chithunzi kuti munamize makolo. Zolembedwa zenizeni zili kusukulu ndi ku MANEB, ndipo bodza lotero limasweketsa mtima wa anthu amene akukuvutikirani.

Chinanso n'chakuti Print Screen siisankha. Imatenga zonse zimene zili pa sikirini: mayina a ana ena, nambala za foni, kalata ya munthu amene anatayipitsa inu musanabwere, mwinanso nambala yachinsinsi ya wina. Musanatumize, yang'anani ngodya zonse zinayi. Chimene si chanu, chiduleni kapena chipakeni utoto wakuda mu Paint. Ngati mwagwiritsa ntchito kompyuta ya ku shopu, ikani chithunzi pa fulashi yanu, chifufuteni pa kompyutayo, ndipo pemphani eni shopu achichotsenso mu Recycle Bin, pakuti chofufutidwa chimayamba chakhala kumeneko.

Mnzanu akakulemberani zakukhosi kwake, wakulemberani inuyo. Kujambula mawu akewo n'kuwamwaza m'gulu kuti anthu amuseke ndi nkhanza, ndipo chithunzi chikangochoka m'manja mwanu simungachibwezenso, chifukwa aliyense wochilandira amakhala ndi chakechake. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo mu 2016 loona za ntchito za pa intaneti ndi chitetezo chake, ndipo limaletsa kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa kompyuta kapena foni.

Koma pali nthawi imene kujambula mawu a munthu wina n'koyenera. Wina akamakulemberani zotukwana, zoopseza, kapena akamakunyengererani kuti mukakumane mobisa, musamuyankhe. Jambulani uthengawo moti dzina lake kapena nambala yake ndi tsiku zioneke, chifukwa iye angathe kufufuta zimene analemba. Kenako onetsani makolo, aphunzitsi kapena wamkulu amene mumamukhulupirira. Ngati watumiza zithunzi zolaula, zimenezo musazijambule, musazitumizenso kwa wina. Itanani wamkulu adzaone pomwepo. Mungathenso kuimba pa 116, nambala yaulere yothandizira ana ya Tithandizane imene bungwe la YONECO limayendetsa, kapena kupita ndi wamkulu ku ofesi ya apolisi yothandiza anthu ozunzidwa. Wolakwa ndi amene walemba zoipazo, osati inuyo, ndiye musachite manyazi kunena.

Tsiku limene mudzakhale pa kompyuta, aphunzitsi kapena eni ake atakulolani, kayeseni ichi. Jambulani sikirini, matani mu Paint, ndipo kulitsani chithunzicho mpaka pamapeto pogwiritsa ntchito kachizindikiro ka + kamene kali pakona ya kumanja pansi. Yang'anani chilembo chimodzi, monga a kapena s. Mudzaona kuti chimene chimaoneka chozungulira ndi timabokosi tokwera ngati masitepe, ndipo m'mphepete muli tina totuwa kapena ta mitundu ina, timene timanyenga diso kuti lione chilembo chosalala. Werengani kuti chilembocho ndi chachitali timabokosi tingati.

Mukatero, tengani kachida kotolera mtundu kotchedwa Color picker, dinani pa kabokosi kamodzi, n'kutsegula Edit colors. Pamenepo mudzapeza mawu atatu, Red, Green ndi Blue, lililonse lili ndi nambala yake. Zimenezo ndiye nambala zenizeni za kadontho kamene mwasankha. Zifufuteni, mulembe zanu. Yambani ndi 255, 255, 0 kuti muone ngati za chikasu zija n'zoona. Kenako pezani nambala za mitundu itatu ya mbendera yathu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, mujambule mbenderayo ndi dzuwa lake lotuluka. Pomaliza lembani 255, 0, 255, ndiponso 0, 255, 255. Musanatayipe nambalazo, uzanani ndi mnzanu mtundu umene aliyense akuganiza kuti utuluka, mulembe m'kope, kenako muzitayipe n'kudina OK.